Mapepala Atatu a Kuwabara

Pa zaka makumi atatu ndi chimodzi zimene a Kuwabara anakhala akufotokoza za soketi yawo, panalibe munthu amene anayamba wawafunsapo. Ankangofotokoza. Anafotokozera alendo a pafakitale, ana asukulu obwera kudzaona makina, ndiponso dokotala wawo wa mano, pa timipata timene dokotalayo ankatembenuka kuti atenge chitsulo china.

Soketiyo inali kanthu koyera kapulasitiki, kosaposa chala chachikulu, kogwira getsi la chubu kumapeto. Chubu chimakhala ndi timano tiwiri mbali iyi, tiwiri mbali inayo. Munthu amalowetsa timanoto m'kampata ka soketi, n'kupotoza chubucho pang'ono, ndipo pamamveka kuti khethe. Chimene chimalira choncho ndi kachotupa kakang'ono m'kati mwa soketi, kamene chubu chimakadumpha popotozedwa, n'kulephera kubwerera. Kutalika kwa kachotupako ndiko kunali moyo wonse wa a Kuwabara: 0.3 ya milimita.

Akafika pamenepa ankatulutsa mapepala atatu m'thumba la jekete n'kuwapana ndi zala ziwiri. "Kukhuthala kwake ndi uku. Akakhala awiri, chubu chimabwerera chokha n'kukugwerani pamutu. Akakhala anayi, gogo ali pamakwerero sangachipotoze. Atatu." Ndiye ankakhala chete kuti anthu asinkhesinkhe, anthuwo n'kumasinkhasinkha za sitima yobwerera kwawo.

Chitachitika chivomezi cha ku Kobe, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina analembera fakitale kalata yonena kuti makabati anagwa, mawindo anasweka, koma kudenga sikunachoke chubu ngakhale chimodzi. A Kuwabara anakwezedwa udindo. Anakalankhula pa misonkhano ya opanga magetsi ku Osaka ndi ku Nagoya, mapepala atatu ali m'thumba. Anthu a kumakina, pansi, anayamba kuwaitana kuti Sensei, kutanthauza mphunzitsi, ndipo iwo sanacheukepo kuti aone nkhope za oitanawo akadutsa.

Kenako dziko linasiya machubu n'kutengeka ndi magetsi atsopano aja osaphethira, okhala zaka khumi osafuna makwerero. Maoda anayamba kuchepa, kenako anangoleka kubwera, osatsanzika n'komwe.

Lolemba lina la mu Febuluwale, Bwana Doi anawaitanitsa. Bwanayu anali mwana wa malemu mwini fakitale, ndipo a Kuwabara anamuona akuphunzira kupalasa njinga pabwalo loimika malole. Tsopano anali ndi imvi ndi mankhwala am'mimba padesiki.

"Kuwabara-san, khalani pansi. Lachisanu tikutsanzika zikombole za masoketi. Wansembe afika teni koloko, lole ya osungunula zitsulo ifika ileveni."

"Ola limodzi lokha?"

"Wansembeyo ali ndi mwambo wina masana. Pulani yanu ija ya soketi tiipachika m'felemu pakhomo lolowera, dzina lanu pansi pake. Ndipo mulankhulapo. Mphindi zisanu."

"Nkhani ya 0.3 imafuna mphindi makumi anayi, Bwana."

"Ndikudziwa. Ndinaimva pa ukwati wanga."

A Kuwabara anatuluka atakhutira ndithu, ngakhale mawondo ankawawa pa masitepe. Mwezi wotsatira anali oti apume pantchito. Soketi yatha, zikombole zikupita kung'anjo, machubu akutha m'masitolo. Chotsala chinali pepala limodzi lija pakhoma, lolembedwa dzina lawo. Kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, pepala limodzi si laling'ono.

Lachiwiri anavula masilipasi a muofesi, n'kuvala nsapato zachitsulo kumphuno, n'kutsika pansi atanyamula choyezera chawo. Ankafuna chiganizo chimodzi chotsekera mawu a Lachisanu: kuti patapita masoketi mamiliyoni, chitsulo chikadali pa 0.3, osasuntha. Chikombole cha soketi ndi chitsulo cholemera kuposa munthu wamkulu, cha zibowo zisanu ndi zitatu. Pulasitiki wosungunuka amalowa, masoketi asanu ndi atatu n'kutuluka. Pamene soketi ili ndi kachotupa, chikombole chimakhala ndi kadzenje. A Kuwabara analowetsa nsonga ya choyezera m'kadzenje koyamba.

Choyezera chinati 0.5.

Anachipukuta ndi mpango, n'kuyezanso. Anayeza chibowo chachiwiri, chachitatu, mpaka chachisanu ndi chitatu. Anapita pa chikombole chapadera chimene chinasemedwa patapita zaka khumi. Nachonso chinayankha chimodzimodzi, mopanda manyazi.

"Sensei, mwasochera? Masitepe opita kumwamba ali uko."

Anali Mayi Nagase, wopukuta zikombole, atakhala pabenchi lawo pakona ndi timiyala tawo tonolera ndi timitengo. Anali atapuma pantchito kawiri, n'kuitanidwanso kawiri, chifukwa panalibe wina wodziwa kusalaza chitsulo mpaka munthu kudzionerapo nkhope. Pamwamba pa benchi lawo panali chubu chomaliza m'fakitale monse. Magetsi atsopano anawakana, ati amabisa zikande.

"Choyezera ichi chikunama, Nagase-san."

"N'chanu chimenecho. Mwabwera nacho nokha. Chikuti chiyani?"

"0.5."

"Ndiye sichikunama."

"Chitsulo chadyeka."

"Zibowo zonse zisanu ndi zitatu kudyeka mofanana? Ndiye n'chitsulo chaulemu kwabasi."

A Kuwabara anayang'ana pokhala, n'kukhala pa bokosi la mabawuti. Mayi Nagase anaika mwala pansi, n'kupukuta zala chimodzichimodzi ngati munthu amene wakhala akudikira basi nthawi yaitali ndipo yafika atasiya kale kuiyembekezera.

"Mukukumbukira masoketi oyamba? Chaka chija mpunga unakanika, tonse n'kumadya wa ku Thailand. Ndinatenga awiri, n'kuika chubu pamwamba pano. Makina a kuseri kwa khomali akamagunda, benchi ili limanjenjemera. Tsiku lachitatu chubu chinagwera m'chakudya changa. Ndinaika china. Chinagwa Loweruka."

"Bwanji simunanene?"

"Kwa ndani? Pulani inali ndi zidindo zisanu. Chanu, cha mabwana anu awiri, cha a koyeza katundu, ndi cha Bwana wamkulu, bambo ake a Bwana Doi. Ndikanati pulani yalakwika, ndiye kuti alakwa anthu asanu, wachisanuyo n'kukhala amene anandilemba ntchito. Pulani ya zidindo zisanu silakwa, Sensei. Chitsulo ndicho chimafuna kupukutidwa. Ndinapukuta timaenjeto masiku awiri, m'buku n'kulemba kuti kupukuta. Sindinaname."

"Mapepala asanu munthu sangapotoze. Gogo ali pamakwerero..."

"Gogo ndine. Ndimapotoza."

Makina a kuseri kwa khoma anagunda kangapo. Tiyi wa m'kapu ya Mayi Nagase ananjenjemera. Chubu cha pamwamba sichinasunthe.

"Akudziwa ndani?"

"Pansi pano? Mwina mphaka yekha ndiye sakudziwa, koma sindingalumbire. A koyeza katundu anasema choyezera chawo potengera chikombole, osati pepala. Musakwinye nkhope, munatithandiza kwambiri. Amafakitale ena aja ankalemba notsi pa misonkhano yanu, onse anakapanga 0.3. Anatseka ife tisanatseke."

A Kuwabara sanaseke. Mayi Nagase anatenganso mwala wawo, koma sanaugwiritse ntchito.

"Musavutike nazo. Lachisanu ileveni koloko zitsulozi zikwera lole, sabata yamawa zidzakhala zitasanduka mpanda wa mlatho. Chotsala ndi pepala lanu. Pepala likuti 0.3, ndipo palibe amene adzalitsutse. Ife takhala chete zaka makumi atatu, masiku atatu sangatikanike. Chimodzi chokha: dzina langa musalitchule. Kukhudza chikombole popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo ndakalamba, sindingayambe lero kulemba makalata opepesa."

Madzulo kunyumba a Kuwabara anavula jekete, n'kuika mapepala atatu aja patebulo pafupi ndi mbale ya mpunga. Akazi awo, a Terumi, anayang'ana mapepalawo, n'kuyang'ana nkhope ya amuna awo, n'kupitiriza kugawa nsomba.

"A Nagase akuuzani," anatero.

"Amayi, inunso?"

"Anandiuza pa phwando lotsekera chaka, mwana wathu Ayaka akadali wakhanda."

"N'kukhala chete zaka zonsezi."

"Abambo, inu munkalankhula. Panalibe mpata."

Anayamba kudya. Nsombayo inali yamchere wambiri, koma a Kuwabara anaona kuti lero si tsiku loti iwo aweruze muyeso wa chinthu.

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Chimene mukufuna. Machubu sanagwe, ana a sukulu ija anakula, ena ali ndi ana awo tsopano. Kungoti nkhani ya mapepalayi ndaimva mokwanira. Ngati isintha, mundiuze, ndibwera Lachisanu."

Lachitatu a Kuwabara anatulutsa pulani m'kabati yake yaphanthiphanthi n'kuiyala padesiki. Inali yojambula pamanja, ndi inki, nthawi imene maso awo anali asanayambe kufuna magalasi awiri. Mizere yake inali yoyera ngati yosindikiza. Pakona panali zidindo zisanu zofiira zitandandalikana, atatu mwa eni ake ali kumanda. Pakati, kamuvi kakang'ono kankaloza kachotupa kaja, ndipo pambali pake panali 0.3 wolembedwa ndi dzanja la munthu wosakayika.

Lamulo lokonza pulani yodindidwa a Kuwabara ankalidziwa kuposa wina aliyense, poti ndi iwo ankalilondera. Sufufuta. Umatenga rula, n'kudula cholakwacho ndi mizere iwiri yowongoka, kuti chiziwerengekabe. Cholondola umalemba pamwamba pake. Kenako umatenga kachidindo kako kakang'ono n'kudinda pa mizere pomwepo, kuti aliyense wodzaona adziwe kuti cholakwacho n'cha ndani. Anabweza mapulani ambirimbiri a anzawo chifukwa cha mzere umodzi m'malo mwa iwiri. Ankakonda kunena kuti cholakwa chofufutidwa chimabweranso, ndipo ankanena mokweza.

Tsiku lonse analiyang'ana pepalalo. Anamwa tiyi katatu. Anaganiza kuti palibe amene adzapangenso soketi potengera pulaniyi, choncho bodza lake silingagwere munthu pamutu. Anaganizanso kuti mwina mayi uja anaika chubu chake mokhota chaka chimene chija, anthu a pansi n'kungomukhulupirira chifukwa amawagawira maswiti. Maganizo amenewa anawakonda, ndipo anapita nawo kunyumba.

Lachinayi m'mawa anakumbukira kabokosi. M'dirowa ya pansi ankasunga soketi yoyamba yeniyeni, yotuluka m'chikombole tsiku loyamba, chisanapukutidwe ndi munthu. Inkagona pa thonje. Anaionetsa alendo mazanamazana, koma sankalola aliyense kuikhudza, ndipo iwonso anali asanailowetsepo chubu, poopa kuikanda. Anatenga chubu chakale kuseri kwa kabati, n'kugwira soketiyo kumanzere, n'kulowetsa timano, n'kupotoza.

Chubu chinazungulira mwakachetechete ngati chitseko chopanda loko. Anachibweza ndi chala chimodzi. Chinabwerera mosangalala.

Anayesanso kawiri, atatchera khutu, ngati kuti khethe uja wachedwa panjira. Kenako anabwezera soketiyo pa thonje lake, n'kutseka kabokosi, n'kutenga rula.

Masana felemu inafika. Bwana Doi anakwera nayo okha, atatsagana ndi kachikwangwani kamkuwa kolembedwa kale. Anaima pa desiki la a Kuwabara, n'kuyang'ana mizere iwiri ija, 0.5 pamwamba pake, ndi kachidindo kofiira kakadali konyowa.

"Kuwabara-san, mwadetsa pulani."

"Ndakonza, Bwana."

"Soketi yake tinasiya kupanga mwezi watha."

"Ndachedwa pang'ono."

Bwana Doi anavula magalasi n'kutikita maso. "Ndimayesa tidutsa nazo Lachisanu."

"Inunso."

"Bambo anandiika pansi zaka ziwiri asanandipatse desiki. Sabata yoyamba a Nagase anandiphunzitsa zinthu ziwiri: osaika dzanja m'makina, ndi osauza Sensei." Anakweza kachikwangwani kamkuwa. Panali dzina la a Kuwabara, ndi mawu akuti Mapepala Atatu. "Nanga aka?"

"Kapachikeni. Anthu sawerenga."

"Pa fomu yokonza pulani pali malo ofunsa amene wapeza cholakwa. Mulemba ndani?"

"Ndalemba kale. Chikombole."

Bwana Doi anayang'ana fomuyo nthawi yaitali, n'kutulutsa chidindo chawo, n'kudinda. "Mphindi zisanu, Kuwabara-san. Chonde."

Lachisanu kunazizira. Zikombole zinayalidwa pa matabwa pabwalo la malole, zitapukutidwa komaliza. Patsogolo pake panali tebulo la nsalu yoyera, malalanje, botolo la mowa wampunga ndi lubani, monga zimakhalira potsanzika chitsulo chimene chadyetsa anthu. Wansembe anaimba mapemphero ake mwachangu ndithu, wotchi ikusuzumira kunja kwa mkanjo. Antchito makumi awiri ndi atatu anaima m'mizere atavala yunifolomu, aliyense n'kupita kukathira lubani pamoto. Kumbuyo kwenikweni kunali a Terumi, atavala chikhoti cha kumaliro.

Bwana Doi atatchula dzina lawo, a Kuwabara anapita kutsogolo, n'kupisa m'thumba lamanja, n'kutulutsa mapepala atatu. Mapewa a anthu makumi awiri ndi atatu anagwa nthawi imodzi. Wina anasintha mwendo woimira, pokonzekera ulendo wautali. Wansembe anayang'ana wotchi poyera.

A Kuwabara anapisa m'thumba lamanzere, n'kutulutsa ena awiri, n'kuwaphatikiza.

"Ine ndinajambula atatu," anatero. "Zitsulo izi zakhala zikupanga asanu. Atatu amagwa, ndayesa dzulo. Zitsulozi zinapukutidwa bwino."

Anafunafuna mawu ena, koma mphindi makumi anayi zija zinali zitawathawa zonse. Ndiye anatembenukira ku zikombole n'kuwerama kwambiri, kuwerama kwa munthu wopepesa, msana ukudandaula. Zinangochitika kuti Mayi Nagase anaima kuseri kwa zikombolezo, moti kuweramako kunawafikira iwonso, koma palibe akanatha kupereka umboni. Mayiwo anayang'ana malalanje.

Panalibe amene anaomba m'manja, poti pa mwambo wotere saomba. Munthu mmodzi anatsokomola. Wansembe anawayang'ana a Kuwabara mwachikondi chenicheni. Lole inafika kutatsala mphindi khumi kuti ileveni ikwane, ndipo zikombole zinakwezedwa chimodzichimodzi, n'kumangidwa ndi unyolo. Anthu anawerama mpaka loleyo inakhota pakona, kenako anathamangira m'kati kukaotha. A Terumi anadutsa pafupi ndi amuna awo, n'kuwakonza kolala ya jekete, n'kunena kuti madzulo kuli supu ya nkhumba, n'kupita kukakwera sitima.

A Kuwabara anatsala pakhomo lolowera. Pulani inali itapachikidwa kale, kachikwangwani kamkuwa pansi pake, magetsi atsopano akuiwalira mosaphethira. Pa pepala lonse loyera, chinthu choyamba kugwira diso chinali kachidindo kofiira kaja, dzina lawo litakhala pa cholakwa chawo. Anaona kuti zikuwawa, koma mocheperapo kuposa mawondo.

Mayi Nagase anabwera n'kuima pambali pawo, n'kuvala magalasi, n'kusendeza mphuno pafupi ndi galasi la felemu.

"Mizere mwalemba yowongoka."

"Ndi rula."

"0.5."

"Inde."

"Ndi 0.52."

A Kuwabara anatseka maso. "Bwanji simunanene Lachiwiri?"

"Munali mutatopa kale."

Anayang'ana kumsewu. Lole inali itapita, ndipo kunalibenso chitsulo choti munthu ayeze. Kunatsala mawu a mayiyu basi. Anayang'ana felemu: masikuluu anayi, omangidwa mwamphamvu ndi munthu amene sankafuna kudzawamasulanso. Anagwira thumba la malaya. Kachidindo kanali momwemo.

"Muli ndi chomasulira masikuluu, Nagase-san?"

"Chili pabenchi langa. Koma muyambe mwatenga makwerero. Chubu changa chayamba kuphethira, ndipo ndatsala ndi bokosi limodzi lokha."

A Kuwabara anavula jekete, n'kunyamula makwerero paphewa, n'kutsika nawo pansi, akupuma pa sitepe iliyonse yachitatu. Anakwera, n'kuchotsa chubu chakale chakuda kumapeto, n'kulandira chatsopano kwa mayiwo. Analowetsa timano mbali iyi ndi mbali inayo, n'kupotoza. Chinalimba pang'ono, kuposa mmene ankauzira anthu, kenako chinati khethe. Getsi linaphethira kawiri n'kuyaka.

Anakhala pamwamba pamenepo, dzanja likadali pa chubu chimene chinayamba kufunda.

"Tsikani, Sensei," anatero Mayi Nagase. "Mukunditchingira kuwala."